Batire la Amake Tisa

Kampani yoboola mijigo imene ndinkagwirako ku Chipata itagulitsa makina ake, ndinakhala miyezi itatu ku Chiparamba ndikupalira mtedza wa mkazi wanga. Kenako kapitawo wathu wakale anaimba foni: ku Uganda akufuna anthu odziwa kuboola.

"Pitani," anatero amake Tisa. "Khasu silikukukhalani."

Malowo anali pafupi ndi nyanja, kumene anapeza mafuta pansi. Koma ife sitinkafuna mafuta. Tinkafuna kutentha. Mainjiniya ankati pansipo pali madzi owira, ndipo nthunzi yake ikhoza kuzunguza makina n'kupanga magetsi osatha, ngakhale mafutawo atadzauma. Tsiku limene matope anatuluka m'dzenje akufuka, ndinaiwala n'kugwira paipi. Chipsera chake ndikadali nacho.

Ndalama ndinkatumiza mwezi uliwonse. Chovuta chinali Lamlungu. Anzanga ankapita kutchalitchi cha chilankhulo chawo, ine n'kutsala pakhomo pa tenti ndi foni m'manja, ndikuimbira kunyumba. Chaka chimenecho mvula inavuta kwathu, magetsi ankazima masiku athunthu. Amake Tisa ankayankha, koma mwachidule.

"Tili bwino. Ana ali bwino. Batire likutha."

Ndinayamba kuganiza zoipa. Tsiku lina ndinawauza kuti, "Ngati mwatopa nane, nenani." Foni inangoduka.

Patatha zaka ziwiri ndinabwerera, dzenje lathu lisanayatse ngakhale babu limodzi. Ankati kuyeza kukadalipo. Kunyumba ndinapeza malata atsopano ndi mbuzi zinayi. Masiku oyamba ndinkangokamba za nthunzi, anthu n'kumagwedeza mitu mwaulemu.

Loweruka lina ndinakwera njinga kupita m'tauni ndi Tisa, amene tsopano anali giredi seveni. Titadutsa kagolosale kena, patali ndithu ndi kwathu, anandigwira malaya.

"Atate, apa ndi pamene amama ankatchajira foni. Pali sola."

"Ankabwera pa chiyani?"

"Wapansi. Njinga inali itafa. Loweruka lililonse ankanyamuka m'mamawa, n'kukhala pamzere mpaka masana. Pena ankangowapatsa mphindi zochepa chifukwa cha kuchuluka kwa anthu."

Ndinaimitsa njinga, n'kuyang'ana msewu wafumbi umene tinadzera.

Titafika, ndinapeza amake Tisa akusenda mtedza pakhonde. Ndinawafunsa chifukwa chake sanandiuze.

"Mukanati ndisiye kupita," anatero, osadzutsa mutu. "Ndiye Lamlungu mukanalankhula ndi ndani?"

Ndinakoka mpando, ndinatapa mtedza m'lichero, n'kuyamba kusenda nawo.