Lamba wa Mpando wa Pawindo

Kuntchito ankangowatchula kuti a Malamba, chifukwa ntchito yawo inali yoyang'ana malamba a m'mipando ya helikopita. Amakaniko anzawo, amene ankagwira injini manja ali bii ndi oyilo, ankawaseka kuti ndi telala wosokera. Iwo analibe nazo ntchito. Ankagwada pansi pa mpando tochi ili kukamwa, n'kumasisita lamba ndi chala kufunafuna pamene ulusi wayamba kuyoyoka. Akatero ankaona bawuti yogwira lambayo ngati yadyeka kapena yachita dzimbiri, kenako n'kutseka ndi kutsegula loko wake, khutu lili tcheru. Loko wabwino amalira kamodzi kuti kha! Wotha amalira mozengereza, ngati munthu wovomera zimene sakuzifuna.

Tsitsi linachita kutuwira m'shedi yokonzeramo mahelikopita, koma a Malamba sananyamukepo pansi ngakhale tsiku limodzi. Chinkawalimbitsa mtima ndi chizolowezi cha pakampanipo: munthu akamapuma pa ntchito, ankamukweza helikopita pamodzi ndi mkazi wake n'kuwazungulitsa m'mwamba. Akazi awo anadikira tsikulo kuposa eni ake. Anali atatopa ndi pakamwa pa aneba, amene ankati amuna kugwira ndege, mkazi kumapita kumsika wapansi. Tsiku litayandikira, mayiwo anasoketsa diresi labuluu n'kulengeza mzere wonse wa nyumba.

Patsikulo helikopita zina zinali kuntchito. Inatsala imodzi, yodzaza makatoni, mipando yokwera anthu iwiri yokha. Kapitawo analankhula mawu okoma, anthu anaomba m'manja, mayiwo n'kukhala mpando wa pawindo akumwetulira mano onse pamtunda. A Malamba anagwada kuti awamange lamba okha. Loko analira molakwika. Anatsegula, n'kutsekanso. Atakoka mwamphamvu, lamba uja anasomoka. Kadzino ka m'kati kanali kataperepeseka.

"Abambo," ananong'ona mayiwo atawaona nkhope, "lero si tsiku lantchito. Ndigwira ndi manja."

Mtima unawawawa. Akanatha kusinthana nawo mpando n'kukhala chete, palibe akanadziwa. Koma mawa lake pampandopo pakanakhala mwana wa munthu wina. Anadzuka n'kuitana kapitawo.

Kapitawo anakoka lamba uja, naye unamusomokera. "Madala, inu ndi munthu! Mpaka tsiku lomaliza!" anatero, anthu n'kuombanso m'manja. Loko watsopano analipo m'chipinda cha zipangizo, koma wosunga makiyi anali atachokapo, ndipo palibe anaona kuti n'koyenera kumuthamangira chifukwa cha nkhalamba yopita kwawo. Woyendetsa ndege naye ankangoyang'ana wotchi, makatoni ankadikiridwa.

"Mpando umodzi uli bwino," anatero kapitawo. "Mmodzi akwere."

Mayiwo anali atatsika kale. "Kwerani inuyo, abambo. Pajatu akazi anu enieni ndi malambawa."

A Malamba sanakwere. Helikopita inanyamuka ndi makatoni ake, chimphepo chake n'kuwathira fumbi pa diresi labuluu lija. Kapitawo anawaperekeza kugeti akunena kuti adzawaitana tsiku lina. Tsiku lina la mabwana timalidziwa tonse. Loko anamusintha m'mawa mwake, koma foni ya a Malamba sinalire mpaka lero.

Atafika kunyumba, anapeza aneba ali pakhonde kudikira nkhani. A Malamba anatsegula pakamwa kuti afotokoze, koma akazi awo anawatsogolera.

"Anzanga, musamve! M'mwambamo mumazizira. Nyumba zimaoneka ngati timabokosi ta machesi, anthu ngati nyerere."

Nkhaniyo yakhala ikukula chaka ndi chaka. Tsopano muli mitambo, muli mtsinje umene ankauona ukunyezimira, muli woyendetsa ndege amene anawapatsa moni wa pamanja. Helikopita ikangodutsa pamwamba pa nyumba, mayiwo amaiyambanso, ndipo akafika pakati amatembenukira amuna awo, maso ali gwa.

"Si choncho, abambo?"

Munthu amene moyo wake wonse sanalolepo loko wabodza kudutsa m'manja mwake amayang'ana pansi.

"Eya, mayi," amatero mozengereza. "Zinali choncho."