Dzanja la Ba Jackson Pachitseko

Mu komboni ya George mukafunsa za mkazi amene anadwazika mwamuna wake kuposa onse, adzakulozerani nyumba ya bana Luse. Dzina lawo la ubatizo ndi Felistus, koma limamveka kutchalitchi kokha. Ine ndine Marjory. Ndimachita lendi chipinda cha kumapeto kwa nyumba yawo yomweyo, ndipo vitumbuwa ndimakazingira pabwalo pawo. Khoma lotilekanitsa ndi lopyapyala, moti iwo akatsokomola ndimamva, nane ndikamakalipira ana amamva. Choncho zimene ndikunenazi sindinazitole pamzere wa madzi ayi, ndinaziona ndi maso angawa.

Bana Luse anachokera ku Kasama ali mtsikana, atangokwatiwa ndi ba Jackson. Ndi mayi wamfupi, waukhondo, wosadziwa kukweza mawu. Moyo wawo wonse akhala akugulitsa makala a m'timapepala ndi tomato pageti. Ulemu wawo ndi wosowetsa mtendere: kale ankagwada ngakhale poyankha foni ya apongozi. Ba Jackson ntchito yawo inali ya wilibala. Ankatunga madzi pakiyosiki m'madilamu n'kukankha kukapereka kwa oumba mabuloko, mpaka ku Chunga ankafika. Nthawi ya mvula minibasi ikatitimira m'matope, makondakitala ankangofuula dzina lawo. Anali munthu wa mawu ochepa, ndipo kukhala pansi ankadana nako. Ngakhale tiyi ankamwera chiimire pakhomo.

Sitiroko inawagwetsa masana ali pakiyosiki. Pochokera kuchipatala mbali ya kumanja inali itafooka, lilime likulemera. Apa ndi pamene bana Luse anatchukira. Alangizi a kwawo, aja amawatcha bana chimbusa, anawaphunzitsa kuti mwamuna akadwala sanyamula ngakhale kapu, ndipo iwo mwambowo anausunga wonse. Ankawasambitsa, kuwadyetsa ndi supuni, kuwapesa, kuwabereka kupita nawo kuchimbudzi. Anawakhazika pampando wa nsalu yofiirira pafupi ndi chitseko kuti aziona anthu odutsa. Alongo a ba Jackson ankabwera kudzasaka cholakwa koma ankabwerera opanda chonena. Kutchalitchi akwatibwi ankauzidwa kuti akaonere kwa bana Luse.

Koma ba Jackson ankafuna kuimirira. Mkazi wawo akangotembenuka, ankatambasula dzanja lamanzere, kugwira felemu ya chitseko, n'kuyamba kudzikoka. Mpando unkalira kuti kwiii, ndipo bana Luse ankasiya mbale n'kuthamanga.

"Nkalani pansi ba Jackson, muzagwa! Bantu bazakamba ati nalema naimwe."

"Nisiye niimilile," ankatero bambowo, mawu akutuluka mokoka.

"Awe mwandi. Mukapola muzaimilila. Manje pumulani."

Ankawagwira mapewa mwaulemu, kuwakhazikanso, n'kuwafunditsa chitenje m'miyendo. Zinkachitika tsiku ndi tsiku, ndipo pabwalo ponse tinkati mayiwa ali ndi maso. Miyendo ija yokankha madilamu inayamba kuonda mpaka mawondo okha ndi amene ankaoneka aakulu. Kenako mpando unasiya kulira. Ba Jackson ankangoyang'ana panja, ndipo patapita zaka zochepa tinakawaika kumanda a ku Chingwere.

Chimene anasiya m'nyumbamo ndi dzanja. Pafelemu paja pamene ankagwira, penti yobiriwira inada ndi thukuta ndi mafuta odzola, moti zala zonse zinkaoneka bwinobwino. Luse, mwana wawo woyamba, anayesa kukwecha ndi sopo koma sizinachoke. Atafuna kupaka penti ina, amayi ake anakana. Ine polowa m'nyumbamo ndinkapendekeka kuti phewa langa lisakhudze pamenepo, ndipo ndinaona kuti bana Luse nawonso ankachita chimodzimodzi. Sindine wamantha, koma nthawi zina dzuwa lili paliwombo, ndili pambaula panga, ndinkamva kwiii wa mpando uja m'nyumba mulibe munthu. Nditawauza bana Luse, anangoti nawonso amamva.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Patadutsa zaka, bipi inawagwetsa bana Luse akuchapa. Inali sitiroko nayonso, yocheperapo, mbali yomweyo ya kumanja. Pakamwa panachira msanga koma mwendo ndi dzanja zinatsalira. Luse anasiya ntchito yake yoluka tsitsi ku Matero n'kubwera kudzawadwazika. Make mbuu, mwana mbuu: anawakhazika amayi ake pampando womwe uja, pafupi ndi chitseko chomwe chija, chitenje m'miyendo.

Kukiliniki kumene ankakatenga mankhwala a bipi kunabwera anthu a kafukufuku ochokera kuyunivesite. Ankafuna kudziwa ngati masewera olimbitsa minofu, aja amachita osewera mpira akavulala, angathandizenso anthu a sitiroko ndi a shuga m'makomboni ngati muno, popanda zipangizo zodula. Luse sanazikonde, koma amayi ake anavomera, poti munthu wovala yunifomu sadziwa kumukanira. Tinkawatengera kumeneko pawilibala ya ba Jackson titayala bulangete. Gulu lawo ankaliyang'anira ndi Jasmin, mtsikana wovala mpango kumutu, mwana wa telala wa ku Garden amene makolo ake anachokera ku Malawi. M'mawa ankaphunzitsa atsikana a timu ya mpira, masana n'kubwera kwa nkhalamba zathu, ndipo onsewo ankawalamula ndi mawu amodzimodzi.

Tsiku loyamba anawayeza. Anawapatsa kachipangizo kofinya m'manja koonetsa mphamvu ya dzanja, kenako anawauza kuti adzuke pampando n'kukhalanso mmene angathere. Bana Luse sanadzuke n'komwe. Zida za Jasmin zinandiseketsa: mabotolo odzaza mchenga, malamba a mphira ndi mipando wamba. Ndinati mumtima, zaka zonsezo kuyunivesite kuphunzira kuthira mchenga m'botolo! Atamaliza kuyeza anaimirira kutsogolo n'kufotokozera odwala ndi owadwazika omwe.

"Ba bola bakatyoka mwendo, bakagona chabe masabata ang'ono, mwendo uyonda. Na imwe ni chimozimozi. Sitiroko imachosa mphamvu, zoona, koma kunkala pampando zuba yonse kumachosa yamene yasala. Ndiye imwe bosunga, odwala akafuna kuima, mugwilileni. Osamunkalika pansi."

Anthu anaseka, azibambo ena n'kugunda akazi awo ndi chigongono. Bana Luse sanaseke. Gulu litabalalika anamukodola mtsikanayo.

"Mwana wanga, nifunseko. Muntu wamene agwila chiseko eka, azidonsa kuti aime, masiku yonse... uyo angayende?"

"Bambili baso bamayenda, mayo. Ni bandani?"

"Benze bamuna banga."

Jasmin anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi. Kenako anagwada pambali pa wilibala.

"Sininabaone, mayo, siningazibe. Kuli bena bamene sibaima olo tiyese bwanji. Na ise tikali kufufuza, ndiye chamene tabwelela kuno."

Anayankha zoona, ndipo ndimamulemekeza chifukwa cha zimenezo. Komabe tsiku limenelo ndinalakalaka akanangowanamiza kuti ba Jackson sakanaima.

Masabata oyamba thupi linamvera. Dzanja linayamba kufinya, kachipangizo kaja kankaonetsa kuti mphamvu ikukwera, ndipo Jasmin ankawomba m'manja. Tsiku lina, atagwiriziridwa kumbali, anadzuka pampando pang'ono chabe n'kubwerera. Gulu lonse linaimba nthungululu, koma iwo nkhope inagwa. Sabata yotsatira anati mutu ukuwawa, sapita. Inayo anati kukuzizira. Mabotolo a mchenga amene anapatsidwa kuti azinyamula kunyumba analowa pansi pa bedi.

Luse anasangalala nazo. "Nenze nakamba ine, vija vintu ni vovutisa chabe bakulu," ndinamumva akunena kuseri kwa khoma. "Nkalani pansi mayo, muzagwa." Mawuwo, kamvekedwe kake, ngakhale chifundo chake, zonse zinali za amayi ake.

Ine ndili ndi pakamwa, George yonse imadziwa. Luse atapita kumsika ndinalowa n'kuwayamba.

"Bana Luse, ni ulesi olo ni chani? Mwendo wayamba kumvela, imwe mwabisa mabotolo!"

Anatembenuzira maso pafelemu paja.

"Marjory, baja benze na mphamvu kuchila ine. Ine nikaima, ninshi na beve sembe banaima. Ninshi nine ninabankalika mpaka kumanda."

Apa ndi pamene ndinamvetsa kuti mayiwa sankaopa kugwa, ankaopa kuchira, poti iwo akaima ndiye kuti ba Jackson nawonso akanaima. Kwa iwo kunali bwino kufota pampando wa mwamuna wawo kusiyana ndi kudziwa yankho. Ndinawamvera chisoni, komanso ndinakwiya, chifukwa miyendo yawo inali itayamba kuonda mmene inayambira ya ba Jackson. Jasmin anabwera kudzawaona kunyumba. Anawauza kuti kafukufuku sakakamiza munthu, angathe kusiya ngati afuna, koma mwendo ukakhalitsa umavuta kudzutsa. Iwo anamuthokoza mwaulemu n'kundituma kuti ndimukulungire vitumbuwa.

Amene anathetsa nkhaniyi ndi mlendo. Loweruka lina m'mawa kunabwera mayi wachitsikana, mwana kumsana, dzina lake Chansa, wa kuseri kwa msika. Mwamuna wake Sydney, dalaivala wa minibasi, anali atagwidwa ndi sitiroko mwezi womwewo. Anagwada pakhomo, maso ali ofiira ndi kusagona.

"Banituma ba kuchalichi, mayo. Bakamba ati kulibe muzimai anasunga mwamuna monga imwe. Ba Sydney sibamvela. Nikachokako chabe, bagwila tebulo, bafuna kuima. Balongo babo ati bakagwa, mulandu ni wanga. Imwe munachita bwanji kuti banu bankale pansi?"

Ndinasiya mafuta akuwira pambaula n'kusendera pakhomo. Luse ankamwetulira, akunyadira amayi ake. Bana Luse akanangofotokoza mmene ankachitira, dzina lawo labwino likanakhala pomwe linali, ndipo bambo wina akanayamba kufota pampando kuseri kwa msika.

Mayiwo anachotsa chitenje m'miyendo, anasendeza mapazi kumbuyo n'kuweramira kutsogolo mmene Jasmin anawaphunzitsira. Kenako anatambasula dzanja lamanzere. Chiikireni maliro aja anali asanakhudzepo pafelemu paja, koma tsopano anagwira, zala zawo pa zala za ba Jackson. Mpando unati kwiii.

"Mayo, nkalani pansi, muzagwa!" anatero Luse akuthamangira.

"Nisiye niimilile."

Luse anauma pomwe anali. Mawu amenewo ankawadziwa, anawamva ali mtsikana kuchokera pampando womwewo. Ine ndinaima kumbali yawo yofooka monga ankachitira Jasmin, manja ali pafupi koma osawakoka. Mwendo unanjenjemera, thukuta linatsika, ndipo anabwerera pampando. Anapuma, n'kugwiranso. Ulendo umenewu mawondo anawongoka pang'onopang'ono mpaka anaima, akupumira m'mwamba.

"Chansa, pita kunyumba," anatero. "Bakagwila tebulo, imilila pambali pabo, ubagwilile. Ubapeleke kukiliniki, ukafunse Jasmin. Balongo babo bakakamba, ubauze babwele kuli ine."

Chansa anadzuka n'kumapita, akucheukacheuka. Luse ankalira. Ine ndinafuna kuimba nthungululu koma ndinaleka, chifukwa bana Luse sankatiyang'ana ife. Anali chiimire, dzanja lili pomwepo, maso ali pampando wopanda munthu.

"Ba Jackson," anatero motsitsa mawu, "kanshi sembe munaima."

Sabata yotsatira anabwerera kugulu. Jasmin anawauzanso kuti za ba Jackson palibe amene angadziwe, ndipo iwo anangogwedeza mutu mwaulemu. Lero amayenda ndi ndodo mpaka pakiyosiki, ndipo Luse anabwerera ku Matero kukaluka tsitsi. Pampando paja sakhalaponso, koma amakana kuti tiuchotse. Tiyi amamwera chiimire pakhomo, dzanja limodzi lili pafelemu.