Mwezi Umene Ndinasankha

Ndinaganiza zochoka chaka chimene kachewere wathu anaolera m'munda ku Ntengo-Wambalame. A Dona Amélia, mayi wokalamba amene ndinkawagwirira ntchito ku Tete, ankabwerera kwawo ku Portugal ndipo ankafuna wowasamalira. Ndinavomera ndisanafunse n'komwe amayi anga.

Kumeneko ndinkatumiza ndalama mwezi ndi mwezi, koma sabata yathunthu inkatha osayankhula Chichewa ndi munthu.

Chaka chachitatu a Dona anati, "Celestina, ndisanafe ndikaone aurora, kuwala kuja kumavina kumwamba ku Norway. Nthawi usankhe ndiwe."

Ndinafunsafunsa. Anandiuza kuti kuwalako kumaoneka nyengo yozizira, usiku ukatalika, mwezi uli kumdima, kopanda mitambo. Ndinasankha Fevereiro, mwezi womwe ndinalonjeza kupita kumudzi. Achemwali anga pa telefoni anangoti, "Pita, kuno tonse tili bwino."

Mantha anandigwira tisananyamuke. A Dona anali ndi vuto la mtima, ndipo dokotala anati kuzizira kungawaphe. Akafera m'manja mwanga, ine mlendo, ndikanena chiyani? Titafika ku Norway, masiku atatu kunali mitambo yokhayokha. Ndinkadzuka kukamvetsera ngati akupuma.

Usiku wachinayi ndinawakankha pa njinga yawo ya olumala mpaka kuseri kwa nyumba. Kumwamba kunang'ambika. Chinthu chobiriwira chinkayenda ngati nsalu pamphepo, popanda phokoso ngakhale pang'ono. Ndinaganiza kuti ndi malodza, kuti kwathu kwagwa zovuta. A Dona ankalira mosangalala, ine ndikunena Atate Wathu mano akugundana. Ndinajambula ndi telefoni kamodzi kokha.

Ndinafika kumudzi mwezi wa Julho. Amayi anali pakhonde, akusankha nyemba ndi zala. Ndinagwada, n'kuwapatsa telefoni.

"Onani, amayi, chimene chinandichedwetsa."

Anaigwira chozondotsa, galasi likuyang'ana kwa ine.

"Ii, nzokongola, mwanawe."

Ndinayang'ana achemwali. Iwo anaweramitsa mutu.

"Maso anayamba kuchita khungu chaka chatha," ananong'ona. "Anatiletsa kukuuza, ati ungasiye ntchito. Mu Fevereiro ankazindikirabe nkhope ya munthu."

Ndinali ndikuganiza kuti ndine ndekha ndinkabisa zowawa pa telefoni. Amayi anaika foni pamkeka, n'kuyamba kundipapasa kumaso, kuyambira pachipumi mpaka kuchibwano.

"Wawonda," anatero. "Kodi uko sadya?"