Ndinafupikitsa Mitanda ya Nyumba ya Apongozi

Nyumba ya apongozi anga inagwa chifukwa cha ine. Ndayamba ndi mawu amenewa dala, kuti inu owerenga musavutike kufunafuna wolakwa m'nkhani ino. Wolakwa ndine, munthu amene ndinaphunzira mpaka desima kalasi, kalasi ya khumi, ku Chifunde n'kumayenda chifuwa patsogolo ngati masamu ndinawatulukira ndine. Lero ndikaona mnyamata wa mtundu umenewo, cholembera kukhutu, akuyankha makolo ake m'Chipwitikizi, ndimachita nseru chifukwa ndimadziona ndekha.

Kwathu ndi ku Cassacatiza, m'mbali mwa msewu waukulu, kumene magalimoto a ku Zambia amadutsa tsiku lililonse. Nditakwatira Rozina ndinapita kukakhala chikamwini kwawo, mudzi wina wa kufupi ndi Nsadzo. Kunena zoona, anthu akumeneko ndinkawaona ngati otsalira. Munda amayeza ndi mapazi, chimanga amayeza ndi dengu, ulendo amayeza ndi dzuwa. Ine ndinabwera ndi fita yoyezera, ija yachitsulo yodzikulunga yokha, ndipo ndinkaikoleka palamba ngakhale popita kumaliro. Amati mkamwini asamakule mwendo, koma wanga unakula mwezi woyamba womwe.

Apongozi anga aamuna sindinawapeze, anamwalira ndisanalowe m'banjamo. Iwowa pobwerera kuchokera ku Malawi, kumene anathawira nkhondo, anatenga timbande ta bulugamu n'kudzabzala pamalo pamene anayamba kukhala. Mitengo yambiri inadyedwa ndi chiswe, inayi yokha ndiyo inakula. Umodzi anauchekera bokosi la maliro awo. Itatu yotsalayo malemuwo anasiya mawu akuti munthu asaikhudze kufikira tsiku limene akazi awo adzamange nyumba ya malata, chifukwa mayiwo moyo wawo wonse anagona m'nyumba yaudzu yothonya. Mudzi wonse unkadziwa mawu amenewa, ndipo ngakhale nthambi yake panalibe woithyola.

Tsiku lija linafika. Mlamu wanga amene amagwira ntchito ku Tete anatumiza malata, achibale anaumba njerwa n'kuziotcha, mmisiri wa m'mudzi momwemo anamanga zipupa ndi dothi. Inali nyumba ya denga lotsetserekera kumbuyo, lofuna mitanda yochoka pachipupa chakumaso kukafika pachipupa chakumbuyo. Kunatsala kugwetsa mitengo ija ndi kuicheka. Mitengoyo inali kutali ndithu, ulendo wa maola awiri panjinga, kotero panafunika munthu woti atenge muyeso wa nyumba n'kukaupereka kwa ocheka matabwa. Palibe anandipempha. Ndinadzipereka ndekha, ndikunena kuti ntchito ya manambala ndi ya anthu amene anaona mkati mwa sukulu.

Ndinatambasula fita yanga kuchokera kunja kwa chipupa chakumaso mpaka kunja kwa chakumbuyo. Inawerenga mamita anayi ndi masentimita makumi anayi. Apa ndi pamene uchitsiru wanga unavala tayi. Kusukulu tinaphunzira chimene tinkachitcha aredondamentu, ndiko kusalaza nambala kuti isakhale ndi mchira. Lamulo lake ndinkaliimba ngati nyimbo: chotsalira chikafika theka kweza, chikapanda kufika theka taya. Masentimita makumi anayi safika theka la mita. Ndinawataya. M'kope langa ndinalemba nambala imodzi yoyera bwino, 4, n'kuika mzere pansi pake.

Inu owerenga, aphunzitsi athu a matematika sanali opusa, ndipo sindikufuna muwaimbe mlandu. Phunziro lija linali ndi mbali yachiwiri. Anatiuza kuti nambala yosalazidwa imabisa zinthu, kuti munthu akakuuza mamita anayi ndiye kuti choonadi chili penapake pakati pa atatu ndi theka ndi anayi ndi theka, ndipo uyenera kudziwa malire onse awiri usanaigwiritse ntchito. Anatiuzanso kuti pali zinthu zimene susalazira pansi ngakhale chotsalira chichepe bwanji. Ine mbali imeneyo ndinaiona ngati zolongolola za munthu wokalamba. Pamayeso mafunso ake anali ochepa, ndiye ndinatenga lamulo lophweka lija n'kusiya zovutazo. Ndinakhoza mayesowo, n'kumadzitcha katswiri.

Panapita masabata atatu ocheka asanapezeke. Pofika tsikulo, mchira uja ndinali nditauiwaliratu. M'mutu mwanga nyumba ya apongozi inali ya mamita anayi ndendende, chifukwa ndi mmene kope linkanenera, ndipo kopelo ndinalemba ndine.

Wamkulu wa ocheka anali a Jeremiya, bambo wa imvi amene anacheka matabwa a nyumba zambiri m'dera lonselo. Sukulu sanapiteko n'komwe. Titafika pamitengo paja anandifunsa kuti chingwe chili kuti. Kumeneko amisiri amachita chonchi: amatenga luzi kapena chingwe, amachitambasula panyumba penipenipo, amamanga mfundo pamene chipupa chathera, kenaka amaonjezera zikhatho ziwiri n'kumanganso mfundo ina. Chingwe chimenecho ndicho chimapita kutchire, ndipo mtengo amadulira pamfundo yachiwiriyo. Rozina anali atandiuza zimenezi m'mawa wa tsiku lomwelo, mpaka anandipatsa chingwe cha mtolo wa nkhuni kuti ndiyezere. Ndinamuuza kuti akamangire mbuzi.

A Jeremiya nawonso ndinawaseka. Ndinawaonetsa fita, ndinawaonetsa kope, ndinawauza kuti dziko linapita patsogolo ndipo zingwe anazisiyira anthu osaka mbewa. Iwo sanakwiye. Anangoti, "Akamwini, mtengo wautali timaudula, koma waufupi sitiukoka. Tisiyeko zikhatho ziwiri." Ndinakana. Ndinawawerengera pamaso pa anzawo kuti tikadula zipika za mamita anayi enieni, mtengo uliwonse utulutsa chipika chimodzi choonjezera, ndipo zikhatho zawozo n'kuononga chabe. Anandifunsa kachiwiri, kenaka kachitatu sowo ili kale pakhungwa. Ndinawayankha kuti iwo ntchito yawo ndi kukoka sowo, zoganiza asiyire ife.

Anadula. Mitengo itatu yonse inasanduka zipika za mamita anayi, ndipo m'masiku asanu anazicheka kukhala mitanda yokongola, yowongoka, yonunkhira. Ndinayeza uliwonse ndi fita yanga ndipo panalibe wophonya ngakhale sentimita imodzi. Ha, mmene ndinadzimvera kukoma tsiku limenelo! Ndinakwera pamwamba pa ngolo imene inanyamula mitandayo n'kulowa m'mudzi ngati mfumu ikuchokera kuboma.

M'mawa mwake anthu anasonkhana kudzakweza mitanda. Amayi anali ataphika thobwa. Apongozi anakhala chapatali pansi pa mtengo wa mango, nsalu kumutu, poti mwambo wake mkamwini ndi apongozi sayandikana. Amuna awiri anakwera pazipupa, tinawapatsira mtanda woyamba. Anauika. Mbali iyi unangokhudza njerwa ndi nsonga, mbali inayo chimodzimodzi, ngati munthu wogwira mbale yotentha ndi zikhadabo. Mmodzi atangousuntha pang'ono, unagwera m'kati mwa nyumba, phi. Anayesa wachiwiri, anayesa wachitatu. Yonse inali yofanana, poti ndinaiyeza ndine mosamala kwambiri.

Panalibe anaseka, ndipo kukanakhala bwino akanaseka. Mmisiri uja anangotenga chingwe, anachitambasula pazipupa, anachigoneka pamtanda umodzi pansi. Chingwe chinapitirira ndi mkono wathunthu wa mwana. Pamenepo m'pamene masentimita makumi anayi aja anandibwerera m'mutu.

Munthu wanzeru akanagwada pomwepo n'kupepesa. Mmisiri ananena kuti zinthu zikhoza kukonzeka ngati titamanga chipupa china pakati pa nyumba kuti mitanda izigonapo iwiriiwiri, koma pafunika kuumba njerwa zina, ndipo denga lidikire chaka chamawa. Ine kudikira kumeneko ndinakumva ngati chaka chathunthu choti mudzi uzindiloza chala. Ndinanena kuti palibe vuto, tilumikiza. Tidula mitanda ina kukhala tizidutswa, tiphatika kumapeto kwa inzake ndi misomali yaitali, basi. Mmisiri anati denga lotero iye saikapo dzanja lake, anatenga zida zake n'kumapita. Ndinamutcha wamantha. Ndinaitana anzanga awiri a ku Cassacatiza, anthu odziwa kukweza katundu pamagalimoto osati kukhoma denga, ndipo m'masiku awiri malata anali pamwamba akunyezimira.

Apongozi analowa m'nyumba yawo mvula isanayambe. Anatuma Rozina kudzandipatsa nkhuku yoyamikira, ati mkamwini wawachotsa manyazi. Nkhukuyo ndinadya. Ndikulemba izi kuti mudziwe mtundu wa munthu amene ndinali: ndinkadziwa kuti pamwamba pa mutu wa mayi wokalamba pali mitanda yogwirana ndi misomali, koma ndinatafuna ntchafu mpaka fupa.

Mvula zoyamba denga linapirira. Koma bulugamu wosauma bwino amapindika akamauma, ndipo amang'ambika pamene pali msomali. Rozina anandiuza kuti mayi ake akumva denga likulira kukawomba mphepo. Ndinati malata atsopano amatero. Anandiuzanso kuti chakumbuyo kwayamba kutsika ndipo madzi akumatsetserekera pachipupa. Ndinati ndikaona Loweruka, koma Loweruka limenelo silinafike.

Linali tsiku la mu Januwale, masana, anthu akuweruka kumunda. Kunabwera chimvula cha mphepo. Zolumikiza zija zinalekana motsatizana, denga lonse linakhala pansi m'kati mwa nyumba, malata anapindika ngati masamba a nthochi. Mwayi wake apongozi anali atabisala m'khitchini yaudzu chifukwa mvula inawapeza akusonkha moto. Akanakhala pamphasa pawo, bwenzi nkhani ino ndikuilembera kundende kapena sindikuilemba n'komwe. Mvula inagwa masiku atatu pazipupa zopanda denga, dothi lomangira linasungunuka, ndipo chipupa chakumbuyo chinagwa chonse.

Ndinkayembekeza mlandu. Ndinkayembekeza kuti atsibweni a Rozina andiitana pabwalo, andilipiritsa, mwina andiuza kuti nditenge chikwama changa ndibwerere kwathu. Sanatero. Mvula itakata ndinapita kukatola malata m'matope, ndipo apongozi anabwera n'kuima patsogolo panga penipeni. Chikwatirire mwana wawo anali asanandiyang'anepo kumaso, mawu onse ankadzera mwa Rozina. Tsiku limenelo anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti, "Bambo, mitengo ija anabzala ndi manja awo amuna anga. Ndikanadziwa ndikanaisiya ili chiimire, bwenzi pano ndikumapita kukakhalako pamthunzi pake."

Anatembenuka n'kumapita. Inu amene mumadziwa mwambo wathu mukumvetsa chimene chinachitika pamenepo. Apongozi amapewa mkamwini amene akumulemekeza. Ine kuyambira tsiku limenelo sandipewanso. Amandidutsa pafupi, amandiyankhula mwachindunji ngati mmene amayankhulira ndi wogula mbuzi wongodutsa.

Choncho inu owerenga, makamaka inu amene muli pasukulu ndi inu amene munalawako pang'ono n'kuyamba kutukumuka, ndimvereni ine chitsiru chinzanu. Kusalaza nambala n'kwabwino pouza mnzako kutalika kwa ulendo kapena poyerekeza madengu amene munda ungatulutse. Koma musanataye chotsalira chilichonse, dzifunseni kuti chikasowa agwe ndani. Polemba muyeso, lembani wonse ndi mchira wake womwe, kusalaza kuzibwera pomaliza ngati kuli kofunika n'komwe. Munthu akakupatsani nambala yoyera bwino, yopanda chotsalira, muikayikire, mumufunse kuti wataya zingati. Ndipo chinthu chodulidwa kamodzi, thabwa, nsalu, lata, muzisiyako kotsala nthawi zonse. Aphunzitsi akafika pambali yovuta ya phunziro musatseke kope, chifukwa theka la phunziro ndi loopsa kuposa umbuli. A Jeremiya sadziwa kulemba dzina lawo, koma malire a muyeso amawadziwa kuposa ine ndi satifiketi yanga. Safunsa anadya phula, koma ine ndinaposa pamenepo, chifukwa anandiuza katatu ndisanafunse n'komwe.

Banja lilipobe, Rozina sanandisiye, ngakhale mawu anga pakhomopo salemeranso. Mlamu wanga wa ku Tete anasiya kuyankha foni yanga. Ndabzala mabulugamu khumi kuseri kwa nyumba yathu, ndimawathirira m'chilimwe, ndipo pano afika m'chiuno. Apongozi anabwerera m'nyumba yawo yaudzu, ndipo mvula ikamagwa amasuntha mphasa kuthawa podontha monga ankachitira kale. Miyendo yayamba kuwavuta, kumunda amapita ndi ndodo. Akamadutsa pamitengo yangayo sayang'anako, ndipo ine sindiwaitana kuti adzaone. Tonse awiri tikudziwa kuti bulugamu amatenga zaka zingati kuti akhale mtanda.