Magalimoto Amene Makina Anawakana

Tsiku limene zinthu zinafika poipa, Mayi Thovu anakhala pa ndowa yovundikira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, nsanza zawo zili gwa, zouma. Palibe galimoto ngakhale imodzi imene inakhotera pamalo pawo.

Dzina limeneli anawapatsa ndi madalaivala, chifukwa manja awo sankasowa sopo. Ntchito yotsuka magalimoto anaiphunzira kwa amuna awo. Amunawo atamwalira, anawasiyira ana atatu, ndowa, ndi mpopi wa pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu. Sizinali zambiri, koma ana ankadya n'kumapita kusukulu.

Kenako tsidya lina la msewu, pamalo omwetsera mafuta, anaikapo makina otsuka magalimoto. Galimoto inkalowa mbali ino ili mbuu, maburashi aatali kuposa munthu n'kuizungulira, madzi n'kuiwaza, mphepo n'kuiumitsa. Inkatulukira uko ikuwala, mwini wake asanamalize n'komwe kulankhula pa foni.

Sitingawaimbe mlandu anthu amene anasamukira kumeneko. Munthu wothamangira ku ntchito alibe nthawi yodikira nsanza.

Apa m'pamene Mayi Thovu analakwitsa: anaganiza zopikisana ndi makina pa liwiro. Bambo wina wa galimoto yakuda, amene anali asanawataye, atabwera, iwo anaitsukira padzuwa pomwe inaima, osayamba aithira madzi kuti mchenga utsike. Nsanza inatola mchengawo n'kuuyendetsa pa penti yonse. Galimoto itauma, mizere inali paliponse.

Bamboyo anaizungulira, nati, "Mayi, kale munkatsuka. Lero mwalemba."

Sanabwerenso.

Sabata yomweyo achimwene awo anafika kunyumba. Sanali munthu woipa ayi. Anali ndi mantha ndi ana. Anakhala pakhonde, chipewa chili pa bondo.

"Achemwali, tisabisane. Ntchito iyi yatha. Wamkuluyu ndimutenga ine, wamkazi apita kwa azakhali ake, inu mutsale ndi wamng'ono. Mwezi ukatha ndibwera ndi galimoto kudzatenga katundu wawo."

"Ana anga agawidwe ngati zovala za malemu?"

"Nanga adye thovu?"

Ana anali kuseri kwa chitseko, ndipo anamva zonse.

M'mawa wina Mayi Thovu ali pansi pa mtengo paja, anaona chinthu chimene chinawabaya mtima. Pamzere wa ku makina panali takisi ya alamu awo, mng'ono wa malemu amuna awo. Inali takisi yotopa. Zenera la kwa dalaivala ankachita kulikoka ndi manja, ndipo silinkafika pamwamba. Galasi loonera kumbuyo linali lomangirira ndi waya.

"Ngakhale alamu anga," anatero chamumtima.

Takisi inalowa. Maburashi anayamba kuzungulira. Posakhalitsa kunamveka hutala, kenako mfuu ya munthu. Itatuluka inadutsa msewu molunjika n'kudzaima pansi pa mtengo. Alamu atatsegula chitseko, madzi ndi amene anayamba kutsika, iwo pambuyo. Malaya anali atamatirira pathupi, thovu lili m'khutu, galasi lija ali nalo m'manja.

"Alamu, kodi kumeneko amasambitsanso anthu?"

"Musandiseke, alamu. Ndimangofuna kuona."

"Mwaona?"

"Ndaona. Ndamwanso."

Mayi Thovu anaseka mpaka kugwira mtengo. Chimwalirireni amuna awo anali asanasekepo choncho. Alamu nawo anayamba kuseka uku akufinya masokosi.

"Woyang'anira makina uja akuti ndisadzapondekonso," anatero. "Akuti akanaliona zeneralo sakanandilola. Ndipo si ine ndekha. Wa minibasi amubweza chifukwa cha zitsulo zonyamulira katundu pamwamba. Wa kalole ka nkhuku amubweza asanafike n'komwe pachipata."

Mayi Thovu anasiya kuseka. Anapukuta mipando ya takisi, naiyanika zitseko zili chitsegukire, koma maso awo anali tsidya lina. Masiku onse aja ankangoona magalimoto olowa. Tsiku limenelo anayamba kuona obwezedwa: aatali, onyamula makwerero, a magalasi osweka, a matope ouma ngati njerwa. Anali ambiri ndithu.

Mawa lake anavala bwino n'kuwoloka msewu.

"Bambo," anafunsa woyang'anira makina, "amene mumawabweza amapita kuti?"

"Kaya, mayi. Ine ndimangoti sizitheka, iwo n'kunditukwana mpaka agogo anga."

"Muziwalozera pansi pa mtengo paja. Mwina agogo anuwo angapumeko."

Bamboyo anaseka, navomera. Kwa iye kunali kupepukidwa: munthu ukamukaniza n'kumuuza kopita, mkwiyo wake umachepa.

Musaganize kuti zinangoyenda pompo. Magalimoto okanidwa ndi magalimoto ovuta. Kuti afike padenga la minibasi yoyamba, Mayi Thovu anakwera pa mgolo, mgolowo n'kugubuduka nawo, natupa chigongono. Kalole ka nkhuku kanawasiyira fungo loti ana anawathawa pa chakudya. Msana unkapweteka, manja anang'ambika ndi sopo. Masiku ena mpopi unkauma, iwo n'kumakatunga kutali.

Koma anasiya kuthamanga. Anabwereka makwerero kwa mmisiri wopenta nyumba. Galimoto iliyonse ankaikokera pamthunzi, n'kuyamba aithira madzi mpaka matope afewe okha. Nsanza ya matayala sinkakhudza penti. Zenera losatsekeka ankaliphimba ndi pepala lapulasitiki. Galasi lomangirira ankaligwira ndi dzanja limodzi, linalo likupukuta.

Madalaivala amauzana. Wa minibasi anauza wa lole, wa lole anauza wonyamula mchenga. Alamu aja anasanduka wolengeza. Aliyense wokwera takisi yawo ankamva nkhani ya kusamba kwawo, ndipo madziwo ankachuluka nkhani ikamabwerezedwa, mpaka anafika m'khosi. Ngakhale ena otuluka m'makina anayamba kuwoloka msewu, poti maburashi safika pansi pa mpando pamene mwana watayira mkaka. Ntchito itawakulira, Mayi Thovu anaitana amayi awiri oyandikana nawo nyumba kuti azithandizana.

Mwezi utatha, achimwene anabwera monga analonjezera, pa kalole kobwereka ka zitsulo kumbuyo. Atawasowa kunyumba, anawalondola kumtengo. Koma poimika panalibe. Minibasi zinali zitandanda, wailesi ikulira, madalaivala akunyogodolana, achemwali awo ali pamwamba pa makwerero akulamula ngati kapitawo.

Achimwenewo anatsika m'kalole n'kuima, pakamwa pali yasa.

"Achimwene!" anafuula Mayi Thovu ali pamwambapo. "Mwabwera kudzatenga ana kapena kudzatsukitsa? Ngati n'kutsukitsa, khalani pamzere. Kalole kanuko makina sangakalole."

Madalaivala anaphulika ndi kuseka. Achimwene anayang'ana mzere, nayang'ana mlongo wawo, napukusa mutu akumwetulira.

"Ana akhale ndi mayi wawo," anatero. "Koma ine wachibale, pamzere?"

"Pamzere, achimwene."

Anakhaladi pamzere. Madzulo kalole kanabwerera kopanda katundu, kakuwala, ndipo ana atatu aja anagona m'nyumba imodzi.

Makina aja alipobe, ndipo amagwira ntchito yawo bwino. Mayi Thovu sanawagonjetse. Anangosiya kulimbana nawo.

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso china chachikulu ndi chachangu chakulandani malo, ndipo mukuthyoka miyendo pochithamangitsa. Imani kaye, muyang'ane anthu amene chikuwabweza pachipata. Amenewo akufunafuna munthu ngati inu. Osataya mtima, dzukani mukawaitane.