Mano a Tasila pa Mtengo wa Mfuti

Amuna anga a Febian Nyendwa sangaphe nkhuku. Ndikamba zoona. Tikalandila alendo, mpeni ndimagwila ndine, iwo amapeza chifukwa chozembela kuseli kukaona ngati nthochi zakhwima. Koma funsani aliyense kuyambila pa Kacholola pano mpaka ku Petauke kuti ndani adziwa kukonza mfuti zakale, adzakulozelani pakhomo panga.

Nchito yao yeniyeni ndi ukalipentala. Zitseko, mabenchi a m'machalichi, ndizo zatilelela ana. Za mfutizi ndi matenda chabe amene anawagwila amalume ao atamwalila ku Ndake. Kwathu kuno mfuti sipita kwa mwana wobala, ipita kwa mwana wa mlongo wake wa malemu, ndiye ya amalumewo inagwela iwo. Inali ya zija za asilikali akale, zimene zinagulitsidwa kwa osaka nyama nkhondo yaikulu itatha. Anaipeza kudenga, yakuda bii ndi mwaye, chitsulo chonse dzimbili. Ine ndinati kaitayeni m'chimbudzi. Iwo anapita kupolisi kukakonza mapepala, nabwela kudzakhala nayo pansi pa mtengo wa mango ngati mwana wodwala.

Muwaone akamagwila! Sayamba ndi sandipepa iyayi. Amaswa botolo, n'kumapala litsilo ndi phale lake pang'onopang'ono mpaka mtengo wa mfutiyo uonetse nkhope yake. Pamene panaphwanyika amaikapo kansalu konyowa n'kusindikiza ndi nsimbi yanga ya makala, mtengo n'kufufuma wokha. Nsimbi imene ija ndaikalipila mpaka ndatopa. Akatha apo amapaka mafuta a nsatsi ndi phula la njuchi, osati ndi nsalu, koma ndi chikhatho, mpaka dzanja litenthe. Mwini akakhala wamtali amamuonjezela kachidutswa ka nyanga ya ng'ombe kumapeto kuti ifike bwino paphewa. Wina amamusokela lamba wachikopa, wina amamujambulila timizele ta mphasa. Zamkati zoombela sakhudzako. Ndipo wobwela wopanda mapepala, ngakhale atanyamula mwendo wa nyati, amabwelela pa msewu pomwepo.

Salipilitsa munthu. Malipilo ao ndi kudzitama, ndipo kudzitama kwao kunali kumodzi: mtengo wakale sautaya. Ukhale wong'aluka, ukhale wolawidwa ndi chiswe, iwo amamata, amaikamo kachigamba, amamanga, mpaka uimenso. Akaona mfuti yoikidwa mtengo watsopano wopakidwa vanishi, amalavula. "Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo," amatelo. Anzao pa sitolo anafika powapatsa dzina lakuti a Sinditaya, iwo n'kumavomela ndi chifuwa patsogolo.

Chaka chatha, anthu atatha kugulitsa thonje, panatsika anthu awili pa basi, ochokela ku Msanzala. Mwamunayo anali Lazarous, mlimi wa nsapato zonyezimila ngakhale pa fumbi la mwezi wa Ogasiti. Mkaziyo anali msuweni wake Tasila, mai woonda, atamanga duku lakuda. Mfuti, yokulungidwa m'saka, ananyamula ndi Tasila. Inali ya atate ake, malemu a Josiah. Lazarous ndiye mwana wa mlongo wa malemuwo, ndipo pa mwambo woika mwala pamanda akuluakulu anali kudzamupatsa mfutiyo pamaso pa anthu.

"Bambo Nyendwa, ndifuna iwale," anatelo Lazarous. "Zipsela zonsezi muchotse. Onani apa, ngati panadya makoswe. Mupale posalala ngati galasi."

A Nyendwa anaitembenuza, naona mng'alu pamene pagwila dzanja, nagwedeza mutu ngati sing'anga amene wazindikila matenda. Mng'alu wotelo kwa iwo ndi maseŵela.

Amuna ali pa zao, ine ndinamutenga Tasila kukhichini kuti andithandize kutongola nshawa. Ndinaona misozi igwela m'lichelo.

"Nanga n'chiani, mwana wanga?"

"Amai, paja akuti panadya makoswe, ndi mano anga."

Ati ali khanda, mano akumela, analila tsiku lonse osatonthola. Amai ake anali kumunda. Atate ake anayesa kumuyendetsa, anayesa kumuimbila, zinakanika. Potsiliza anakhala naye pansi pafupi ndi mfuti imene anali kupukuta, mwana n'kuluma mtengo uja, n'kukhala chete. Timano tinai tinatsala pamenepo. A Josiah sanafafanizepo moyo wao wonse. Mlendo aliyense amamuonetsa: "Onani chilombo chokhacho chimene chinaluma mfuti yanga." Atakula, Tasila ndiye amawanyamulila mfutiyo popita kukalonda nguluwe m'chimanga. Atadwala, ndiye amawasambitsa ndi kuwatembenuza mpaka tsiku lomaliza.

"Sindilimbana ndi mwambo, amai. Ng'ombe anatigaŵila bwino, sindidandaula. Mfuti ndingaichite chiani ine? Koma kuti ipite, ndiponso manowo afafanizidwe, ndiye kuti palibenso pamene atate anandisunga."

"Nanga Lazarous wamuuza?"

"Ndingayambe bwanji? Adzati ndifuna kulanda. Pa malilo tinakangana kale zambili."

Alendo atakwela basi, ndinawapita a Nyendwa ngati mavu. Ndinawafotokozela zonse, n'kutsiliza kuti, "Mukapala pamenepo, ine ndi inu tionana." Iwo anangoyendetsa chala pa timaenje tija, n'kufunsa ngati madzi osamba atentha. Asa! Mwamuna ameneyu nthawi zina ungamuponye mthiko.

Vuto ndinaliona ndekha. Akapala, Tasila walila. Akasiya osapala, mwini nchito wakana, ndipo angapite nayo kwa wina wa sandipepa wopanda chisoni. Ndipo ngakhale manowo atatsala, mfuti ipitabe kunyumba kwa Lazarous, kukakhala m'kabati yokhoma.

M'maŵa mwake ndinawamva aimba foni. "A Lazarous, ndi Nyendwa. Mtengo uja ndingaumange, ungalimbe, sindikunamizani. Koma kuwala kumene mufuna inu sungawale, ndi nkhalamba. Mukalola ndikusemeleni watsopano wa mukwa, wa msinkhu wanu." Ndinamva Lazarous aseka ndi chimwemwe mpaka kukhichini. Kenaka a Nyendwa anafunsa, mau ali pansi, "Nanga wakalewu muufuna?" Yankho ndinalimvanso: "Wa chiani? Sonkhelani moto, bambo."

Ndinaima ndi mphika m'manja. A Sinditaya asema watsopano? Ndinati mumtima, galu wamkota sakandila pachabe. Koma mtima unandiwawa pamene ndinaona thabwa limene atulutsa. Linali la mukwa wofiila, louma bwino, limene anandilonjeza kalekale kuti lidzakhala chitseko cha kabati yanga ya mbale.

"Bambo a Karen, thabwa langa!"

"Mbale sizithaŵa, amake Karen."

Mbili siigona. Pa sitolo anzao anawalandila ndi phwete. "A Sinditaya ataya! Ukalamba wafika, manja ayamba kunjenjemela. Maŵa tidzamva kuti mwagula vanishi." Wina mpaka anabwela kudzaona ndi maso ake, n'kupukusa mutu kuti dziko latha. Zinawalasa, ndiwadziwa ine. Chakudya amangotola pang'ono. Koma sanadziteteze ndi liu limodzi, chifukwa nkhani ikanamveka ikanafika ku Msanzala tsiku la mwala lisanakwane, n'kuyambitsa mkangano wina.

Anasema ndi kasemasema, anapala, anayesa chitsulo, anachotsa, anapalanso. Masabata anapita. Mtengo umene unatuluka pamenepo, abale, sindinaonepo. Mizele ya mukwa inayenda ngati madzi, ndipo ukauika paphewa umakhala wokha. Ngakhale ine wa kabati ndinausisita. Wakale uja sanaukhudze ndi botolo kapena mafuta. Anangoupukuta fumbi, napempha chitenge changa chatsopano, naukulunga.

Tsiku la mwala tinapita tonse ku Msanzala. Titabwela kumanda, anthu anakhala pabwalo, amuna pa mipando, ife pa mphasa. Woyendetsa mwambo anali a Simon, mng'ono wao wa malemu, nkhalamba yaitali ya maso ofiila. A Nyendwa anapeleka mfuti kwa iwo, iwo anaivundukula, bwalo lonse linati "Haa!" Chitsulo chakuda bwino, mtengo ukuwala popanda vanishi. A Simon anamuitana Lazarous, namulangiza, namuika mfutiyo m'manja. Lazarous mano onse panja. Tasila anali pafupi ndi ine, maso pansi. Anaona kuti mtengo ndi wina, ndipo anaganiza kuti wakale unapita pamoto. Ndinafuna kumunong'oneza, koma amuna anga anali ataimilila kale.

Anagwada pamaso pa a Simon, naomba m'manja, natulutsa chitenge chija m'chola.

"Akuluakulu, pepani, ndine mlendo pa mwambo wanu. Uwu ndi mtengo wakale umene ndinachotsa. Ku nchito yathu, chimene mmisili wachotsa, mwini akachikana, chimatsala kwa mmisili. A Lazarous ndinawafunsa, anati ndisonkhele moto. Si choncho, a Lazarous?"

"N'zoona, ndinatelo," anavomela Lazarous, akuseka.

"Ndiye ndi wanga. Ndipempha chilolezo ndiupeleke kwa mwana wa malemu, a Tasila."

A Simon nkhope inasintha.

"A Nyendwa, mwagwila nchito yabwino, koma apa mwalumpha malile. Mtengo uwu wamwa thukuta la mkulu wanga. Uli ndi mwambo wake. Kapena utsata mfuti, kapena tikaukwilila kumanda. Zinthu za osaka nyama sizikhala m'nyumba ya mwana wamkazi. Bweletsani kuno."

Ndinati mwamuna wanga wataya dzina lake, wataya thabwa langa, ndipo mwana uyu atsala manja lende. Pakamwa panga panayabwa, koma pa bwalo la eni ake mkazi wachilendo sayankha. Ndinaluma chitenge.

A Nyendwa sanatsutse. Anamasula chitenge, napeleka mtengo ndi manja awili. Koma ine ndinaona mmene anaupelekela. Anautembenuza kuti mbali ya timano ikhale pamwamba, pamene chala cha nkhalamba chidzagwela.

A Simon anaulandila, ali pafupi kuuika pansi pa mpando. Chala chinakhudza timaenje tija. Anaima. Anaubweletsa pafupi ndi maso, nauyang'anitsitsa mpaka ana anayamba kuyang'anana.

"Tsiku limeneli ndinalipo," anatelo potsiliza, mau atasasa. "Ndinabwela kudzabweleka nkhwangwa. Mwana analila mpaka agalu anathaŵa pakhomo. Ataluma apa, ine ndinati, achimwene, mwana waononga mfuti. Iwo anandiyankha kuti, iwe, waisaina, manje ndi yake." Anaseka pang'ono, kuseka kuja kunathela m'misozi, napukuta ndi chipewa.

Lazarous anaika mfuti yake pansi, nayandikila kudzaona. Anayang'ana timano, anayang'ana msuweni wake. "Tasila, ndi iwe? Ine ndimati makoswe! Nanga osakamba bwanji?" Anthu anaseka, ena akulila. Lazarous anatembenukila kwa a Simon, nagwada. "Amalume, ine yanga ndalandila. Uwu si wanga, ndipo kumanda sukathandiza munthu."

A Simon anayang'ana akuluakulu anzao mmodzimmodzi. Palibe amene anatsutsa. Ndipo anaimilila okha, nkhalamba ija, mtengo uli m'manja, nayenda kudutsa bwalo lonse kufika ku mphasa za akazi, kumene mwamuna wamkulu sapita.

Ine ndinaiwala kuti tili pa mwambo wa malilo. Nthungululu inangotuluka yokha, amai ena n'kundigwila pakamwa. Sindinachite manyazi ngakhale pang'ono. Ndinayang'ana mwamuna wanga ali chogwada m'fumbi, jekete yake yakale itang'ambika pachigongono, ndipo ndinanyada mpaka chifuwa kuwawa. Anzao a pa sitolo aseke mpaka atope.

"Mwana wanga, landila," anatelo a Simon. "Atate ako anagawa kale, ife tinachedwa kumva."

Tasila anatambasula manja, ine nditamugwilila chigongono. Anaulandila, naukumbatila pachifuwa, naika mphuno pamene pankagona tsaya la atate ake. Anakoka mpweya kamodzi, natseka maso.

"Amai," anandinong'oneza, "sanautsuke. Ukali kununkha fodya wao."