Mayi Atasandutsa Mwana Wawo Mkamwini

Mchimwene wanga wamng'ono anabwera kuchokera ku Joni chaka cha matenda a korona, atatha zaka zambiri osaponda kwathu ku Biriwiri. Anatsika basi akutsokomola. Mlangizi wa zaumoyo anatipeza tsiku lomwelo nanena mosapita m'mbali: agone yekha m'kanyumba kapadera, adyere m'mbale yakeyake, asagwirane chanza ndi munthu. Ngakhale galu asamusisite, poti wodwala ayenera kutalikirana ndi ziweto zomwe. Galuyo ndinamumangirira pamtengo wa pichesi, ndipo analira ngati ndamulanda nyama.

Za galu zinali zosavuta. Nkhawa yanga inali pa mayi. Iwo ali ndi mphumu, chisanu cha kumapiri kuno chimawafinya pachifuwa chaka ndi chaka, ndipo mlangizi anandinong'oneza kuti matendawa akawagwira, mwina sadzadzuka. Komatu mayi anga si munthu woti n'kumuuza pokhala. Inenso ndine wapakamwa, choncho ndinakonzekera mkangano.

"Amayi, m'nyumba muja simulowamo," ndinatero.

"Wandiona ndikulowa?" anandiyankha.

Anatenga mphasa nakayala pafupi ndi nkhokwe, patali ndithu ndi khomo la kanyumbako. Anakhala cham'mbali, nkhope italoza kudimba la kabichi, nayamba kuomba m'manja pang'onopang'ono.

"Mwayenda bwanji, bambo?"

Umu ndi mmene amawalonjerera amuna anga. Kwathu mpongozi sayandikana ndi mkamwini, samuyang'ana m'maso, sadya naye pamodzi. Amayankhulana chapatali, mwaulemu. Ife opita kusukulu tinkaziseka kuti n'zachikale. Tsono mayi anatenga mwambo womwewo n'kumuika mwana wobereka okha pamalo a mkamwini, kuti mtima wawo uthe kupirira.

"Ndayenda bwino, amayi, kaya inu kuno," anayankha mchimwene ali mkati.

Zinkatero m'mawa uliwonse. Mayi ankamuuza amene anamwalira iye kulibe, amene anakwatiwa, ndi mmene mbatata ya kachewere inakanira chaka chimenecho.

Tsiku lina chifuwa cha mchimwene chinakula. Tinkamumva akubanika tili panja, tikudikira galimoto yopita naye kuchipatala. Mayi anadzuka pamphasa nalunjika kukhomo. Ine wapakamwa uja sindinawaletse. Ndani angaletse mayi mwana wake akulephera kupuma? Atatsala pang'ono kufika, anaima. Anatembenukira kumbali, nagwada pafumbi, naomba m'manja.

"Bambo, pumani pang'onopang'ono. Ine ndili pompano, sindichoka."

Mchimwene anachira, ndipo mayi sanatsokomole n'kamodzi komwe. Koma mpaka lero ndimachita nawo mantha mzimayi amene anandiberekayu. Galimoto itachoka tsiku lija, ndinapita kukawadzutsa. Anali atakunga zibakera, ndipo nditawafunyulula zala ndinapeza zikhadabo zitaboola zikhatho mpaka magazi.